Mikono ya Ola Limodzi

Fakitale ya mafelemu a mawindo imene ndinagwirako ntchito zaka zisanu ndi zinayi ku Kya Sand inatsekedwa ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Anatipatsa makalata, natigwira chanza mmodzimmodzi, basi. Lolemba lotsatira ndinapezeka ndaima pa maroboti pamodzi ndi anthu omwe aja ndinkawadutsa m'mawa uliwonse ndikuwamvera chisoni. Ku Joni munthu wopanda ntchito sakhala m'nyumba. Amadzuka kusanache, nakaima m'mbali mwa msewu kudikira galimoto ya munthu wofuna aganyu.

Amene ali ndi luso amanyamula chikatoni cholemba kuti wopenta, womanga kapena wamapaipi. Ife ena chikwangwani chathu ndi thupi lomweli. Baki, galimoto ya pikapu ija, ikaima, mwini wake satsika n'komwe. Amangotsitsa galasi, maso ake n'kuyenda pamapewa ndi m'mikono, kumaso osakuyang'ana. Kenako chala chimaloza: iwe, iwe, ndi iwe uko. Otsala mumabwerera pamthunzi wa mpanda, aliyense akunamizira kuti sanali kufuna kwenikweni.

Ine ndinabadwa woonda, ndipo Joni sanandinenepetse. Imvi nazo zinali zitayamba kutuluka cha m'makutumu. Masabata atatu oyamba chala chija chinandiloza kawiri kokha, ndipo ulendo umodzi mwa maulendo awiriwo ndinathamanga mpaka kugwira chitseko cha baki ndisanazindikire kuti amaloza munthu wa kumbuyo kwanga.

Ndinkakhala mumkhukhu umodzi wa malata ndi alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, amenenso ankaima pa maroboti pomwepo. Mlongo wangayo anatsala kumudzi ku Ntcheu ndi ana atatu. Alamu anali ang'ono kwa ine ndi zaka khumi, afupi, ojintcha ngati mtondo, ndipo nthabwala sizinkawathera pakamwa. Paulamu timanyozana, ndi mmene zimakhalira, koma iwo ankapitirira muyeso.

"Alamu, musamaime chammbali," ankatero. "Mukaima choncho azungu akumakuyesani pholo ya roboti. Yang'anani kutsogolo, mwina angadziwe kuti pali munthu."

Ndinkaseka nawo, koma mumtima munali mantha. Ndinayamba kuona kuti Joni wathana nane, ndipo chotsala n'kukwera basi kubwerera kumudzi chimanjamanja patatha zaka zonsezi. Munthu wa msinkhu wanga akachoka pantchito yokhazikika, kawirikawiri sapezanso ina.

Kuseri kwa mikhukhu yathu kunkakhala munthu wa ku Chipata, ku Zambia, wowotcherera zitsulo. Pabwalo pake, pakati pa mageti osamaliza, anakonza malo onyamulira zitsulo. Si jimu ya m'tauni ya magalasi ndi nyimbo ayi. Mtanda wake unali ekiselo ya galimoto, ndipo uku ndi uku ankalowetsa madiramu a mabuleki a lole otola ku sikirapu. Zonyamula ndi dzanja limodzi zinali zitini za penti zodzaza simenti youma. Benchi linali thabwa lotsamira pa mabuloko anayi. Tsiku lina masana, ndikubwerera opanda ganyu, ndinaima pamenepo kuonerera, ndipo mosaganiza ndinamudandaulira kuti zitsulo zake zikanandithandiza ndikanayamba ndili mnyamata.

"Mudala, imwe muganiza thupi ya two years," anandiyankha m'chinyanja chake chija. "Pa roboti sipafunika thupi ya two years. Pafunika ya one hour chabe."

Kenako anandifotokozera. Ukanyamula zitsulo mwamphamvu kwa mphindi makumi awiri, magazi amathamangira m'mikono, minofu imatupa, mitsempha n'kutuluka. Kutupako sikukhalitsa. Likatha ola limodzi mkono umaphwa n'kubwerera mwakale. Koma mabaki ambiri amafika pakati pa sikisi ndi seveni koloko, ndipo ola limodzi ndi lokwanira kuti chala chikuloze. Anati anyamata angapo a pa maroboti pathu ankachita zomwezo, kungoti sankauzana.

Ukaipa dziwa nyimbo. Ndinagula tisheti yothina, ya msinkhu wa mwana wa sekondale, ndinameta mpala kuti imvi zisaoneke, ndipo m'mawa mwake faifi koloko inandipeza pabwalo la wa ku Chipata. Tsiku lomwelo baki yachiwiri kuima inanditenga. Alamu anakwera nane, ndipo ulendo wonse ankangondipsinya mkono.

"Ndimuimbira mlongo wanu," anatero. "Ndimuuza kuti achimwene ake alumidwa ndi njuchi."

Ndinakondwa, sindinama. Kwa nthawi yoyamba chitsekereni fakitale ndinadzimva kuti ndine munthu wofunika pena pake.

Pali chinthu china cha pa maroboti chimene munthu wongodutsa pa galimoto sangachidziwe. Pamenepo palibe chimbudzi. Ukachoka kukataya madzi kuseri kwa mafakitale, pobwera umapeza baki yaima ndi kunyamuka, anzako akukubayibitsa ali pamwamba. Aliyense zinamuchitikirapo kamodzi, ndipo palibe amene ankafuna kachiwiri. Choncho ambiri a ife m'mawa sitinkamwa kalikonse, ngakhale tiyi. Ine ndinkafika pa zitsulo m'mimba muli pululu, kukhosi kouma, chimwereni madzi dzulo lake.

Zitini za simenti zinkatupitsa mikono yokha. Chimene chinkatupitsa thupi lonse, mapewa ndi khosi lomwe, chinali kuzula mtanda waukulu uja pansi n'kuima nawo chilili. Wa ku Chipata anandiphunzitsa njira yake: manga lamba m'mimba mpaka lilume, koka mpweya wambiri, tseka pakamwa, usapume mpaka waima. Sabata yoyamba ndinkazula madiramu awiri. Pofika sabata yachitatu ndinali pa anayi, ndipo ndi pamene chinayamba.

Ndinazula, ndinaima, ndinatsitsa. Nditaweramuka, m'makutu munayamba kulira. Kenako mdima unayambira m'mbali mwa maso n'kumabwera pakati, timadontho towala tikuuluka ngati ziphaniphani. Miyendo sindinkaimvanso kuti ndi yanga. Wa ku Chipata ankalankhula ali pafupi pomwepa, koma mawu ake ankamveka ngati achokera m'chitsime. Ndinagwira geti limene linali pafupi n'kudikira. Patapita kanthawi dziko linabwerera, thukuta lozizira lili thupi lonse.

"Iyo ni normal, mudala," anatero akuseka. "Ngati simunaone mudima, ninshi simunanyamule."

Ndinamukhulupirira chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira. Patapita zaka ziwiri, namwino wina wa pa kiliniki akundiyeza BP anandifotokozera kuti munthu ukatsekera mpweya uku ukukakamiza thupi, kenako n'kumasula ndi kuweramuka msanga, magazi amachedwa kufika kumutu, makamaka ngati sunadye kapena kumwa madzi. Anandifunsa chifukwa chimene sindinabwerere nthawi imeneyo. Ndinamuuza kuti mzere wa pa kiliniki umadya tsiku lathunthu, ndipo tsiku ndi limene ndinalibe.

Chizungulirecho chinasanduka mnzanga wa m'mawa uliwonse. Ndinaphunzira kuzula mtanda pafupi ndi geti kuti ndikhale ndi pogwira. Ndinaphunzira kuwerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, kuti anyamata ena asaone. Ndinkachoka pamenepo mikono ili ndendende m'tisheti, koma m'kati ndatheratu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphamvu imene ndikanagwirira ntchito ya tsikulo ndinkaisiya pabwalo la wowotcherera dzuwa lisanatuluke. Kutopa kwa masiku amenewo sikunali kwa tulo. Kunali m'mafupa, ndipo Lamulungu limodzi silinkakwana kukuchotsa.

Chakumapeto kwa mwezi wachiwiri, lole ya kampani ina yaing'ono yosamutsa katundu wa m'nyumba, yochokera ku Marlboro, inayamba kutitenga ine ndi alamu pafupipafupi. Kapitawo wake anali Mzulu wa mawu ochepa, wosakalipa, wosasekanso. Ine ankanditcha madala. Tsiku lina tikudya buledi kuseri kwa lole anatiuza kuti mwini kampani akufuna munthu mmodzi wokhazikika, wa ovololo ndi nsapato za kampani, ndipo adzasankha pakati pa awirife mwezi ukatha. Malo anali amodzi. Pobwerera ine ndi alamu tinakamba za mpira, za mtengo wa parafini, za mvula ya kumudzi. Za malowo palibe anatchula.

Ntchito yosamutsa ili ndi lamulo lake. Potsitsa katundu wolemera pa masitepe, wamphamvu amakhala pansi, chifukwa kulemera konse kumatsamira pa iye. Wapamwamba amagwira malamba, kukokera kumbuyo ndi kuwongolera. Tsono kapitawo ankatiyang'ana m'mawa, ine mikono ili yotupa, n'kugamula nthawi yomweyo.

"Madala, phansi. Wena, phezulu."

Ndiye kuti ine pansi, alamu pamwamba. Walira mvula walira matope. Ndinanamiza anthu kuti ndine ngwazi, ndipo anandipatsa katundu wa ngwazi. Makabati, masofa, makina ochapira, zonse zinatsikira pamsana panga. Ikamakwana teni koloko mikono ija inali itaphwa kale, koma kapitawo anali atasankha m'mawa, ndipo sankayang'ananso kachiwiri.

Lachisanu lomaliza la mweziwo ndinadziwa kuti ndi tsiku lachigamulo. Ndinafika pa zitsulo molawirira kuposa masiku onse, ndipo ndinauza wa ku Chipata kuti awonjezere madiramu awiri. Ndinazula. Mtanda unakwera mpaka m'maondo, unaima, ndinakakamiza, unafika. Nditautsitsa sindinalipeze geti. Ndinazindikira nditagwada bondo limodzi, chipumi chili pa chitsulo chozizira, malovu akutsika. Nditadzutsa mutu ndinaona nsapato zimene ndinkazidziwa. Alamu anali atabwera kudzandifulumizitsa, ndipo anaona zonse.

"Zayamba liti zimenezi?" anafunsa.

"Palibe chimene chayamba. Ndaterereka."

"Mwaterereka maso atatembenuka?"

"Ndi mpweya chabe. Tiyeni, lole itisiya."

Panjira alamu anagula botolo la madzi pa shopu ya Msomali n'kundipatsa. Ndinangonyowetsa milomo n'kuwabwezera, poopa kuti lole ingafike ine ndili kuseri kwa fakitale.

Tsiku limenelo tinkasamutsa banja lina m'nyumba zosanja cha ku Randburg, pansanjika yachitatu. Magetsi anali atazima, chikepe sichinkayenda, ndiye zonse zinali za pa masitepe. Tinatsitsa mabedi, makatoni, kabati. Ikamakwana leveni kunatsala fuliji, chimphona cha zitseko ziwiri. Kapitawo anali pansi mu lole, kusanja katundu. Tinaikulunga fulijiyo m'bulangeti, tinadutsitsa malamba, ndipo ine ndinayamba kutsika kupita kumalo kwanga. Alamu anandigwira paphewa.

"Lero pansi ndi panga."

"Kapitawo wanena kale."

"Kapitawo sali pano. Kwerani, alamu. Mwakhala mukundidyera ulemu mwezi wonse, nanenso ndionekeko wamphamvu."

Ndinamvera, ndipo kunena zoona ndinapepukidwa. Ndinakulunga malamba m'manja n'kutsamira kumbuyo. Masitepe oyamba tinatsika bwino, iwo akuwerenga mokweza, ine ndikumasula pang'onopang'ono. Vuto linali pokhota. Pamenepo fuliji siikanadutsa popanda kuinyamula kuti ipitirire chitsulo chogwirira cha m'mbali. Wapamwamba amayenera kunjuta, kugwira m'munsi, n'kuima nayo. Thupi langa linachita zimene linazolowera m'mawa uliwonse. Ndinakoka mpweya, ndinatseka pakamwa, ndinazula, ndinaima. Fuliji inadutsa. Ndinatulutsa mpweya, ndipo m'makutu munayamba kulira.

Sindinagwe. Ichi ndimachinena nthawi zonse ngati kuti chimandichotsera mlandu. Sindinagwe, koma manja anga anatseguka.

Kuwala kutabwerera ndinapezeka nditakhala pa sitepe, malamba ali lende. Fuliji inali itatsika masitepe awiri, ndipo alamu anali atapanikizika pakati pa iyo ndi khoma, phewa lakumanja litalowa pansi pake. Sanakuwe. Ankangopuma m'mano, akundiyang'ana kudzera pampata.

"Alamu, mwabwera?" anafunsa. "Ngati mwabwera, gwirani lamba."

Ndinagwira, ndinakoka, iwo anasolola phewa. Nthawi yomweyo kapitawo anatulukira, atamva phokoso. Anayamba wayang'ana fuliji. Inali itangokandika pang'ono pakona. Kenako anafunsa chimene chachitika, maso ake akuchoka kwa ine kupita kwa alamu, chifukwa anaona kuti tasinthana malo.

"Sorry, boss," anatero alamu. "Me I slip. Ndi nsapatozi."

Ananyamula phazi kuonetsa nsapato yotha kunsi. Kapitawo anapukusa mutu. Anawauza kuti n'chifukwa chake anati madala ndiye azikhala mbali ya kumunsi. Ine ndinali pomwepo, pakamwa ndili napo, koma fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Fulijiyo tinaitsitsa ine ndi kapitawo. Alamu anamaliza tsikulo akunyamula mapilo ndi miphika ya maluwa ndi dzanja lamanzere.

Madzulo potitsitsa, kapitawo anandiitanira pambali n'kundifunsa saizi ya nsapato ndi ya ovololo. Anati Lolemba ndisaime pa maroboti, ndipite ku Marlboro seveni koloko. Alamu anamva. Lole itachoka anandigunda ndi chigongono chabwinocho.

"Ndiye nyama mugula liti, abwana?"

"Alamu, zimene zachitika zija..."

"Musalankhule," anandidula, ndipo ulendo uno sanaseke. "Ine ndidakali ndi zaka zoima pa roboti. Inu mwatsala ndi zingati? Lowani pantchitopo. Zitsulo zija muzisiye, m'mawa muzidya, muzimwa madzi ngati munthu. Phewa lipola. M'nyumba mukakhala mmodzi wa pantchito, tonse tapulumuka."

Loweruka phewalo linatupa n'kuda bii. Mkono sunkakwera. Ndinatenthetsa madzi n'kumawathowa ndi nsanza, iwo akundinena kuti ndili ndi manja a mfiti, n'chifukwa chake sindinakwatirenso chimwalirireni mkazi wanga. Malaya sankatha kuvala okha. Mkono umenewo mpaka lero sukwera kupitirira phewa, koma nthawi imeneyo tonse tinkati ndi za sabata imodzi.

Lamulungu masana mlongo wanga anaimba foni ya vidiyo. Alamu anaitsamiritsa pa chitini cha shuga, nadziphimba bulangeti mbali yakumanja, akunena kuti ku Joni kwazizira. Anacheza ndi ana mmodzimmodzi. Wamng'ono anawaonetsa dzino limene linaguluka. Kenako anamuuza mkazi wawo kuti achimwene ake apeza ntchito yokhazikika, ndipo mlongo wanga analulutira. Anati andipatse foniyo.

"Achimwene, Mulungu ndi wabwino," anatero. "Ndipo zikomo kuti mukuwasamala bambo a ana angawa. Ndimagona mtima uli m'malo podziwa kuti ali ndi inu."

Ndinayankha kuti zikomo. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa mkhukhu, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaganiza zimene ndinkayesa kuti ndi zachilungamo. Ndinati ndikamuuza kapitawo zoona, adzadziwa kuti munthu amene anagwira fuliji yekha ndi phewa ndiye woyenera ovololo. Adzadikira sabata imodzi kapena ziwiri kuti phewa lipole. Ine ndidzabwerera pa maroboti, koma ndidzatha kumuyang'ana mlongo wanga kumaso. Alamu sindinawauze. Ndinkadziwa kuti andiletsa.

Lolemba ndinafika ku Marlboro seveni isanakwane. Kapitawo anandilowetsa m'kachipinda ka pageti n'kundipatsa jumbo. Munali ovololo yatsopano ya buluu, yonunkhira kusitolo, ndi nsapato za chitsulo kutsogolo. Ndinaigwira jumboyo kanthawi. Inali yolemera bwino. Kenako ndinayamba kulankhula, Chingerezi pang'ono, Chizulu pang'ono, pena manja. Ndinamuuza za zitsulo za m'mawa, za mdima, za malamba amene ndinataya. Ndinati mlamu wanga sanaterereke, ndipo ntchitoyi ndi yake.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanakwiye. Anandifunsa ngati mdimawo umabwera kawirikawiri, ndinavomera. Anafunsa ngati alamu akutha kukweza mkono, ndinati pakali pano ayi, koma upola.

"Manje, madala," anatero, ndipo zotsatirazo ndizinena m'Chichewa. "Mmodzi amakomoka pa masitepe. Wina phewa lawonongeka. Mawa ndili ndi nyumba ziwiri zoti ndisamutse. Nditani nanu?"

Anatambasula dzanja, ndinamupatsa jumbo ija. Anati ndine munthu wabwino, ndipite kuchipatala. Ndisanatuluke pageti ndinamumva akuimbira munthu wina foni, kumufunsa saizi ya nsapato.

Sindinakwere minibasi nthawi yomweyo. Ndinayenda mtunda wautali m'mbali mwa mafakitale, ndikusanja mawu okawauza alamu. Palibe amene anakhala bwino. Ndinafika kunyumba dzuwa lili pamutu. Alamu anali panja, atakhala pa kireti, akuwothera dzuwa, mkono atauyangata pachifuwa. Atandiona anayamba kumwetulira, kenako anayang'ana m'manja mwanga.

"Ovololo ili kuti?"

Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, osasiyako. Ndinamaliza ndi kupepesa, ngakhale ndinkadziwa kuti pepani sapoletsa chilonda. Iwo anatembenukira ku ngalande ya madzi akuda imene inkadutsa pakhomo pathu. Pa zaka zonse zimene ndinawadziwa, aka kanali koyamba kuwaona atasowa nthabwala.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi," anatero motsitsa mawu. "Kukhala chete basi. Si kunyamula fuliji, si kunyamula zitsulo zanu zija. Kungotseka pakamwa."

"Ndimafuna malowo akhale anu."

"Ndikanawafuna ndikanamuuza ndekha Lachisanu. Pakamwa ndinali napo. Phewa ili ndinalipereka kuti m'nyumba muno mukhale munthu mmodzi wa pantchito. Inu mwalitenga mwakagulira tulo tanu. Chabwino, alamu. Muzigona bwino tsopano."

Tinakhala choncho, iwo pa kireti, ine pansi, dzuwa likutentha malata kumbuyo kwathu. Patapita nthawi anayesa kumasula mabatani ndi dzanja lamanzere, analephera, anayesanso.

"Bwerani mundivule malayawa," anatero. "Akundiotcha, ndipo ndekha sindingathe."

Ndinawavula pang'onopang'ono, kuyambira mkono wabwinowo, iwo akuyang'ana kumbali.